Kutuluka m'chipatala si kuchira ayi

Wodwala akamatulutsidwa m'chipatala, pepala lomwe amapatsidwa limanena za matenda ake, mankhwala oti azikamwa ndi tsiku loti adzabwerenso. Bedi amaliyala nsalu zina, wina n'kugonapo, ndipo m'mabuku a unduna wa zaumoyo munthu uja amawerengedwa m'gulu la amene athandizidwa. Papepala paja sipakhala mzere wofunsa ngati akafika kwawo akatha kudzimangira mabatani a malaya, kunyonyomala m'chimbudzi popanda womugwira, kutakasa nsima kapena kubwerera pabenchi pake kumsika. Komatu m'komboni ngati Nangongwe ku Kafue, kumene mabanja ambiri amadya zomwe apeza tsiku lomwelo, mafunso amenewo ndiwo amagamula ngati mbaula iyake madzulo kapena ayi. Dziko la Zambia likuthira ndalama zambiri populumutsa miyoyo, kenako n'kumaisiya pageti la chipatala. Katswiri yemwe ntchito yake ndi kumutenga munthu kuchokera pagetipo kukamufikitsa kukhitchini kwake, kukalasi kapena kuntchito kwake sanapatsidwebe malo omuyenera m'ndondomeko zathu za zaumoyo, ndipo amene akulipira mtengo wa kusowa kwake ndi mabanja osauka.

Katswiri ameneyu pa Chingerezi amamutcha occupational therapist, ndipo dzinali lamulakwira kwambiri. Ku Kafue, tauni yomwe inakula ndi mafakitale, munthu akamva mawu oyambawo amaganiza za zipewa zolimba, majombo ndi oyendera chitetezo cha pantchito. Si zimenezo. Ntchito yomwe ikunenedwa apa ndi chilichonse chomwe munthu amachita kuti tsiku lake liyende: kusamba, kuvala, kuphika, kulemba m'kalasi, kusoka ukonde, kubweza chenje, kupita kutchalitchi, ngakhale kusewera kwa mwana. Matenda kapena ngozi zikamulanda munthu zimenezi, katswiriyu amayang'ana munthuyo, ntchitoyo ndi malo omwe amaichitira, n'kusintha chomwe chingasinthike pa zitatuzi. Si luso lachilendo. Bungwe lake loyamba linakhazikitsidwa ku America mu 1917, ntchitoyi inakula pothandiza asilikali ovulala pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse, ndipo chitaganya chake cha padziko lonse, WFOT, chilipo kuyambira 1952. Anzathu a ku Zimbabwe akhala akuphunzitsa akatswiri otere payunivesite yawo ku Harare kuyambira zaka za m'ma 1980, ndipo sukulu ya ku Moshi m'dziko la Tanzania yaphunzitsa ambiri omwe akugwira ntchito m'chigawo chino, kuphatikizapo ku Malawi. Kuno kwathu alipo, koma ndi owerengeka, ndipo owerengekawo mumawapeza m'mizinda ikuluikulu.

Taganizirani mayi wogulitsa nsomba zouma ndi tomato, amene BP yamugwetsa m'mawa wina n'kumusiya dzanja ndi mwendo wa kumanja zili lende. Madokotala achita mbali yawo, BP yatsika, pakatha sabata ziwiri mayi ali kunyumba. Chimbudzi chili panja, chokumba, chopanda pogwira. Pakhomo pali sitepe ya simenti. Mbaula ili pansi, madzi ali m'chigubu cha malita 20, ndipo chitenje chimafuna manja awiri kuti chimangike. Achibale mwa chikondi amamuchitira zonse: kumusambitsa, kumudyetsa, kumuyalira mphasa pakhonde kuti aziothera dzuwa. Dzanja losagwira ntchito lija limayamba kuuma, zala n'kufumbata osatambasukanso. Mwana wamkazi wa giredi 8 amayamba kujomba kusukulu kuti azisamalira amayi, benchi la kumsika n'kutengedwa ndi wina. Tsono alowe katswiri uja m'nyumba yomweyo. Amauza kalipentala wa pafupi kuti akhome mpando woboola pakati wokaika pamwamba pa dzenje la chimbudzi, ndi mtengo wogwirira kukhoma. Chigwiriro cha supuni ndi cha mthiko amachikulunga ndi labala wa chubu cha njinga kuti chinenepe, dzanja lofooka lithe kugwira. Mbaula amaikweza panjerwa kuti mayi aziphika ali pampando, poto atatsekerezedwa kuti asamazungulire potakasa. Amamuphunzitsa kuti povala bulauzi aziyamba kulowetsa dzanja lodwala, povula azilitulutsa pomalizira. Amamupangira chomangira dzanja cha usiku kuti zala zisapitirire kupindika. Ndipo amauza achibale mawu omwe ndi ovuta kuwalandira: lekani kuwachitira zonse amayiwa, asiyeni avutike ndi supuni ngakhale phala litayikire pachitenje, chifukwa kuvutikako ndiye mankhwala ake. Palibe chodula pa zonsezi. Chosowa ndi munthu wodziwa kuti ziyenera kuchitika, komanso kuti ziyenera kuchitika msanga, pakuti miyezi yoyambirira munthu atadwala sitiroko ndi yomwe ubongo ndi ziwalo zimabwezako mphamvu kwambiri.

Anthu ofuna thandizo lotere si ochepa. Kafukufuku wa dziko lonse wa za ulumali wa 2015 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 11 pa 100 alionse, ndi ana oposa 4 pa 100 alionse, ali ndi ulumali wina wake. Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anaonetsa kuti pafupifupi wamkulu mmodzi mwa asanu alionse m'Zambia ali ndi BP yokwera. Kafue ili ndi zake zoonjezera. Msewu waukulu wochokera ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45, umadutsa m'tauniyi usanagawikane pa Turnpike kulowera ku Chirundu ndi ku Livingstone, ndipo mathiraki, maminibasi, njinga ndi oyenda pansi amaukanganirana usana ndi usiku. Tauniyi inakula podalira mafakitale monga a feteleza a Nitrogen Chemicals of Zambia, omwe anatsegulidwa mu 1970, ndi a nsalu a Kafue Textiles. A nsalu atatsekedwa, a feteleza n'kuchepetsa antchito, anthu ambiri analowa m'maganyu, usodzi, kuwotcherera zitsulo, kuumba mabuloko ndi malonda a m'tuntemba. Amenewa akavulala, a Workers' Compensation Fund Control Board sawadziwa, poti thumba limenelo limateteza antchito omwe mabwana awo analembetsa ndipo amasonkha. Mnyamata wowotcherera mageti payekha amene girayinda yamudula minyewa ya zala alibe malipiro a masiku odwala, alibe chipukutamisozi. Mpamba wake wonse ndi dzanja lomwelo. Dokotala akalisoka bwino koma osapezeka womuphunzitsa kuligwiritsanso ntchito, bala limapola, mpamba n'kupita.

Pa malamulo sitili m'mbuyo. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2010. Mu 2012 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la anthu aulumali, lomwe limanena za ufulu wolandira thandizo lobwezeretsa mphamvu ndi luso, za nyumba za boma zofikirika, ndi za udindo wa bungwe loona za anthu aulumali la ZAPD. Mu 2019 kunabwera lamulo latsopano la umoyo wa maganizo, kulowa m'malo mwa lija la atsamunda lomwe linkaona wodwala misala ngati munthu wongofunika kutsekera. Mu May 2023 msonkhano waukulu wa mayiko a m'bungwe la WHO unagwirizana kuti thandizo lobwezeretsa mphamvu ndi luso lilowetsedwe m'ntchito za zaumoyo kuyambira pakiliniki ya m'mudzi. Koma lamulo silikwera njinga kupita ku Nangongwe. Chomwe chimafika kwa wodwala ndi munthu wolembedwa ntchito, ndipo m'boma munthu amalembedwa ntchito pokhapokha udindo wake ukhale pamndandanda wa maudindo ovomerezeka a chipatalacho, ndalama yake itavomerezedwanso ndi a zachuma. Apa ndi pomwe pali chizungulire. Udindo ukasowa pamndandanda, palibe amene amalembedwa. Achinyamata akaona kuti kulibe ntchito, amasankha unamwino kapena maphunziro ena. Kenako akuluakulu amati tingatsegule bwanji udindo pomwe ofunsira palibe. Mu 2022 boma linalemba anthu ogwira ntchito za zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi. Chinali chinthu chotamandika, ndipo chinasonyeza kuti boma likafuna, malo ndi ndalama zimapezeka. Nkhani ndi yakuti likusankha maudindo ati.

Chomwe chimandidabwitsa kwambiri ndi chakuti ndalama za ulumali boma likulipira kale, koma likuzilipira kumapeto kolakwika. Ndondomeko ya Social Cash Transfer, yomwe anzathu a ku Malawi amaitcha mtukulapakhomo, inayamba ku Kalomo mu 2003 ndipo inafalikira m'maboma onse. Mu 2022 banja linkalandira K200 pamwezi, pomwe banja lokhala ndi munthu waulumali waukulu linkalandira K400. Ndalama imeneyi ndi yofunika, ndipo wofuna kuichotsa sanaonepo nyumba yomwe wopezera banja chakudya wagona pamphasa. Koma taonani momwe zinthu zakhalira: boma lavomera kulipira banja mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, chifukwa cha dzanja louma, koma likuzengereza kulipira miyezi yochepa ya thandizo yomwe ikanaletsa dzanjalo kuuma. Sindikunena kuti aliyense adzabwerera kumsika. Alipo amene ulumali wawo sudzasintha, ndipo amenewo ndalama ija ndi ufulu wawo. Koma ngakhale kwa iwo, kutha kudzidyetsa, kutembenuka pabedi kuti asatuluke zilonda, kupita kuchimbudzi popanda kunyamulidwa, kumamasula munthu wina m'banjamo kuti akagwire ntchito kapena akaphunzire. Nthawi zambiri munthu womasulidwayo amakhala mkazi kapena mtsikana, ndipo ntchito yake yosamalira odwala siilowa m'bajeti ya unduna uliwonse.

Wina anena kuti dziko lomwe makiliniki ake nthawi zina amasowa mankhwala a BP ndi a shuga silingayambe ndi mipando ya kuchimbudzi. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo nditafunsidwa kusankha pakati pa mankhwala a malungo ndi chigwiriro cha supuni, nanenso ndingasankhe mankhwala. Koma kusankha komwe kulipodi si kumeneko. Wodwala amene watumizidwa kunyumba popanda womulondola sathera pomwepo. Amabwerera ali ndi zilonda za pamsana zofika pafupa, atagwa m'chimbudzi n'kuthyoka chiuno, kapena ali ndi chibayo chifukwa chodyetsedwa ali chigonere. Akabwerera amatenga bedi, nthawi ya anamwino ndi mankhwala okwera mtengo kuposa oyamba aja. Ndalama yomwe tikuganiza kuti tapulumutsa posalemba katswiri timaitaya ku wodi, kungoti imalembedwa pamzere wina wa bajeti moti palibe amene amaiona. A WHO amati anthu pafupifupi 2.4 biliyoni padziko lonse ali ndi mavuto omwe thandizo lobwezeretsa mphamvu lingawathandize. Chiwerengerochi chikukwera chifukwa choti zachipatala zapita patsogolo: amene kale akanamwalira ndi edzi, ngozi kapena pobadwa, lero akukhala moyo. Dziko lomwe lapambana pa ma ARV liyenera kuyembekezera anthu okalamba ndi matenda awo, ndipo silingadabwe nawo.

Ena amati ntchitoyi a fizio akuigwira kale. N'zoona kuti m'zipatala zambiri za m'maboma ma physiotherapist ndi omwe asenza katundu yense, ndipo ambiri amachita zoposa zomwe anaphunzira chifukwa palibe wina. Dziko lakhala likuwaphunzitsa kwa zaka zambiri pa Evelyn Hone College ndi pa University of Zambia, n'chifukwa chake anthu amawadziwa. Koma maluso awiriwa amasiyana. Wa fizio amalimbitsa mwendo kuti uyende ndi phewa kuti likweze mkono. Mnzakeyu amafunsa kuti mkonowo ukakwera ukachite chiyani, pati, ndi chida chanji. Ndipo pali odwala ena omwe vuto lawo silili m'minyewa n'komwe. Mnyamata amene watuluka m'chipatala cha odwala maganizo cha Chainama Hills atasiya mowa kapena chamba, miyendo yake ndi yamphamvu. Chomwe chinagumuka ndi dongosolo la tsiku lake, ndipo akabwerera pamphambano yomwe ija popanda chochita kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sapita patali. Gogo amene wayamba kuiwala kuti wasiya poto pamoto safuna masewera olimbitsa thupi, amafuna womukonzera khitchini kuti asapse, ndi wouza ana ake kuti awa ndi matenda, si ufiti. Lamulo la 2019 lija likufuna kuti odwala maganizo azithandizidwa kufupi ndi kwawo. Nanga kwawoko akawathandiza ndani?

Palinso amene amati ife Aafirika timasamalirana tokha, izi n'za azungu omwe alibe achibale. Kusamalirana n'kwathudi, ndipo palibe katswiri amene angalowe m'malo mwa mlongo kapena mpongozi wodzuka usiku. Koma chikondi si luso. Mayi wa mwana wobadwa ndi vuto la ubongo lomwe limaumitsa ziwalo amamukonda mwana wake koposa dokotala aliyense, koma ngati palibe womuuza, amamugoneka chagada tsiku lonse, kumudyetsa ali chomwecho, mwana n'kumatsamwa, msana n'kumapindika. Ku Zimbabwe kunayambika luso lopanga mipando ya ana otere ndi makatoni, mapepala akale ndi phala la ufa lomatira, ndipo lafalikira m'mayiko angapo a kuno. Katoni amadulidwa molingana ndi msinkhu wa mwanayo, amamatidwa magawo angapo mpaka kulimba ngati thabwa, pambali n'kuika zotchinga kuti mutu usagwere kumbali, kutsogolo kathebulo. Mwana amene ankangoona denga amayamba kuona nkhope za abale ake, kumeza bwino, kutambasula dzanja kuti atole kanthu. Makatoni ali mbwee kuseri kwa mashopu a ku Kafue. Chachizungu n'chiti pamenepa? Koma mpando wolakwika muyeso umapweteka mwana m'malo momuthandiza, n'chifukwa chake pamafunika woyeza wodziwa. Ndipo popeza maphunziro anakhala aulere kuyambira 2022, mwana ameneyu naye ali ndi malo m'kalasi. Chomwe chimamuletsa si fizi, koma desiki yomwe sangakhalepo, pensulo yomwe sangaigwire ndi chimbudzi chomwe njinga yake ya olumala singalowe.

Chotsutsa chomwe ndimachiona cholimba kuposa zonse n'chakuti ngakhale titayamba lero, padzatenga zaka zambiri kuti boma lililonse likhale ndi akatswiri okwanira, ndipo ena mwa ophunzitsidwawo adzapita ku Britain kapena ku Botswana monga achitira anamwino. Izi zidzachitikadi, ndipo palibe chifukwa chodzinamiza. Koma yankho lake si kukhala chete. Sitikufuna katswiri pakiliniki iliyonse. Tikufuna mmodzi kapena awiri pachipatala chachikulu cha Kafue, omwe theka la sabata yawo lizithera kunja kwa mpanda wa chipatala, akuyendera makiliniki monga ya Nangongwe, akuphunzitsa ndi kuyang'anira ogwira ntchito za umoyo m'madera. Dziko lili nawo kale anthu amenewa: kuyambira 2011 lakhala likuphunzitsa ma community health assistant ku Ndola, kenako ku Mwachisompola, ndipo kumadera a Livingstone ndi Kazungula ntchito yothandiza anthu aulumali m'midzi mwawo momwe yayesedwa kwa zaka zambiri. Wothandiza wa m'dera akhoza kuona ngati mpando ukugwiritsidwa ntchito, ngati chilonda chayamba, ngati mwana wabwerera kusukulu. Chomwe sangachite ndi kuyeza, kupanga ndondomeko ya wodwala aliyense ndi kudziwa pomwe zinthu zalakwika. Mutu umodzi susenza denga, koma denga lopanda mmisiri limagwera eni ake. Pa za kuthawa, munthu amathawa msanga kumene kulibe udindo womveka, makwerero a pantchito ndi zipangizo. Kumene zilipo, ena amakhala.

Ndalama zoyambira sizili kutali. Inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2018 ndipo imatenga 1 peresenti ya malipiro kwa wantchito ndi 1 peresenti ina kwa womulemba, iyenera kuona ulendo wa katswiri wopita kunyumba kwa wodwala, pamodzi ndi zipangizo zing'onozing'ono zija, ngati chithandizo chathunthu choyenera kulipiridwa, osati ngati chifundo cha apo ndi apo. A Workers' Compensation ali ndi chifukwa chawochawo cholipirira maudindo otere m'tauni ya mafakitale, popeza wantchito wobwerera pamakina ake amawatsitsira ndalama za penshoni ya ulumali. Ndipo thumba la chitukuko cha m'madera la CDF, lomwe linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 n'kupitirira K30 miliyoni mu 2024, lili m'manja mwa anthu a m'deralo. Kalasi, chimbudzi cha pamsika kapena chipinda cha amayi oyembekezera chomwe chikumangidwa ndi ndalama imeneyi chikhoza kukhala ndi khomo lotakata, potsetsereka m'malo mwa masitepe ndi chitsulo chogwirira, pa mtengo wochepa ngati zaganiziridwa pulani isanasainidwe. Potsetsereka pambiri pomwe timaona m'nyumba za boma ndi potsika kwambiri moti wokankha njinga amachita kuitana anzake; pamenepo womanga anamva za lamulo, koma panalibe womuuza muyeso.

Choncho pempho langa likupita kwa a unduna wa zaumoyo, kuti pa ulendo wotsatira wolemba anthu ntchito aike udindo wa occupational therapist pamndandanda wa zipatala za m'maboma, ndipo Kafue, ndi msewu wake ndi mafakitale ake, ikhale m'gulu loyamba. Kwa makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'mawodi a ku Kafue, musasainire pulani ya CDF yomwe munthu wa panjinga ya olumala sangalowemo yekha. Ndipo inu muli ndi m'bale wogona m'chipatala, tsiku lomwe akukupatsani pepala lotulukira musangofunsa za mankhwala. Funsaninso kuti amene adzawaphunzitse kuvala, kudya ndi kupita kuchimbudzi okha ndani, ndipo mumupeza kuti. Akakuuzani kuti kulibe, pemphani kuti alembe zimenezo papepalapo, mukalionetse kwa khansala wanu.